Papositi, kuponyeratu kapena tsiku lenileni: voti yanu ku America ipite njira iti?

Kumudzi njira yovotera ndi imodzi: kukaima pamzere pomwe munalembetsa, kuchonga, chala mu inki, basi. Amalawi amene anatenga unzika wa America amapeza njira zitatu. Mutha kutumiza voti papositi, kukaponyeratu chisankho chisanafike, kapena kudikira Lachiwiri lenilenilo la mu November. Zonse nzololedwa, koma kuopsa kwake nkosiyana, ndipo malamulo ake chigawo chilichonse chimadzipangira chokha. Zimene mlamu wanu amachita ku California zitha kukuphetsani voti ku Texas.

Tisanapite patali: green card, chiphaso chokulolani kukhazikika ku America, si unzika. Kuvota pa chisankho cha boma lalikulu musanalumbiritsidwe ndi mlandu, ndipo munthu amatha kuthamangitsidwa m'dzikomo. Ena amalowa m'kaundula mosazindikira pokatenga laisensi ya galimoto. Akakufunsani kumeneko ngati mukufuna kulembetsa mavoti inu musanakhale nzika, kanani.

Papositi

Ubwino wake ndi woonekeratu. Wogwira mashifiti ausiku amavotera patebulo la kunyumba, ali ndi nthawi yofufuza mayina a majaji ndi mafunso aataliatali amene amadzaza pepalalo. Ku Oregon, Washington, Colorado, Utah ndi California aliyense wolembetsa amangolandira pepala osapempha. Ku Texas ndi ku Indiana si choncho, pamafunika chifukwa chovomerezeka, monga zaka 65 kapena kuposerapo, kulumala, kapena kukhala kunja kwa kaunti (boma laling'ono la m'chigawo) yanu panthawiyo.

Vuto lake nlakuti voti imachoka m'manja mwanu isanavomerezedwe. Amene amaigamula ndi kalaliki woyang'ana envelopu inu kulibe, ndipo milandu yambiri ya zaka izi yakhala ya envelopuyo, osati ya pepala lovotera. Mu 2020 mavoti a papositi amene anakanidwa m'dziko lonse sanafike imodzi pa 100 aliwonse, koma chiwerengero chimenechi chimabisa zigawo zimene zinthu zinavuta kwambiri.

Taonani Pennsylvania. Mumalandira pepala ndi maenvelopu awiri. Pepala limalowa mu envelopu yamkati, yachikasu masiku ano, imeneyo nkulowa mu yakunja, pomwe mumasaina ndi kulemba deti. Mukaiwala yamkatiyo voti yafa, khoti lalikulu la chigawocho linagamula choncho mu September 2020. Za deti ndiye zakhala zokokanakokana. Mu November 2022 khoti lomwelo linati mavoti opanda deti asawerengedwe. Amene anadandaula anadalira lamulo la ufulu wa anthu la 1964, loletsa kumana munthu voti chifukwa cha kacholakwa kosafunika papepala, koma mu March 2024 khoti la apilo la Third Circuit linati lamulolo silikhudza envelopu. Mu August 2025 khoti lomweli, pa mlandu wina, linati kutaya mavoti chifukwa cha deti nkuphwanya malamulo oyendetsera dziko. Chodabwitsa nchakuti detilo silimagwiritsidwa ntchito poona ngati voti yafika nthawi yake, ofesi imadinda yokha nthawi yolandirira. Komabe lembani deti, la tsiku limene mukusainalo, mwezi patsogolo monga amalembera kumeneko. Kuzolowera kwathu koyamba ndi tsiku kungapangitse 4 November kuoneka ngati 11 April.

Ku Texas msampha uli pa nambala. Lamulo la SB 1 la 2021 limafuna nambala ya laisensi kapena manambala anayi omaliza a Social Security (nambala imene boma la America limakupatsani yogwirira ntchito ndi kulipirira msonkho), pa fomu yopempha komanso pa envelopu, ndipo igwirizane ndi imene ili m'kaundula. Malo olembapo ali pansi pa chivundikiro cha envelopu, moti wofulumira amamata asanawaone. Ena analembetsa kalekale ndi nambala ina nkulemba inayo. Pa chisankho cha chipulula cha March 2022 pafupifupi voti imodzi pa eyiti iliyonse ya papositi inakanidwa. Khoti la apilo la Fifth Circuit linavomereza lamuloli mu 2025, ndiye lembani manambala onse awiri. Georgia nayo kuyambira 2021 imafuna nambala ya chiphaso m'malo mofananitsa siginecha. Wisconsin imafuna mboni imodzi ilembe ndi adilesi yake, North Carolina mboni ziwiri kapena notary (munthu wovomerezedwa ndi boma kuchitira umboni siginecha), kuphatikiza fotokope ya chiphaso.

Kenako nthawi. Pennsylvania, Wisconsin, Georgia, Arizona ndi Indiana zimafuna voti ikhale itafika pofika nthawi yotseka pa tsiku la chisankho, chidindo cha positi chilibe ntchito. California imadikira masiku 7 bola chidindo chisapyole tsiku la chisankho. Masiku owonjezerawa ndi amene akulimbanirana kwambiri. North Carolina inachotsa ake atatu mu 2023. Ku Mississippi, komwe lamulo linapereka masiku asanu a ntchito, Fifth Circuit inagamula mu October 2024 kuti zikusemphana ndi lamulo la boma lalikulu lokhazikitsa tsiku limodzi la chisankho, ndipo Khoti la Supreme la dziko lonse linavomera mu November 2025 kumva nkhaniyi pa mlandu wa Watson v. Republican National Committee. Musawawerengere masiku amenewa. A positi eniake amalangiza kutumiza kutatsala sabata, ndipo dziwani kuti chidindo nthawi zambiri chimadindidwa kumalo osankhirako makalata, mwina mawa lake. Mukachedwa, lowani mu positi ofesi mupemphe akudindireni pakauntala mukuona, nzaulere.

Mabokosi oponyamo maenvelopu amachotsa vuto la positi, koma nawo ali m'makhoti. Wisconsin inawaletsa mu July 2022 nkuwabwezeretsa mu July 2024 majaji atasintha. Ku Georgia ali m'kati mwa malo oponyeratu voti, ndipo amatsekedwa malowo akatseka. Kutengerana maenvelopu, kumene kwa ife kumangooneka ngati kuthandizana pa mpingo, ku Arizona ndi mlandu pokhapokha ukhale wachibale, wa m'nyumba imodzi kapena wosamalira wodwalayo. Khoti la Supreme linavomereza zimenezi mu 2021 pa mlandu wa Brnovich.

Kuponyeratu pamaso

Ngati miyendo ili bwino ndipo muli m'tauni, njira imene tingakulangizeni ndi iyi. Cholakwika chilichonse chimaonekera inu muli pompo. Dzina likasowa m'kaundula kapena chiphaso chikakanidwa, muli ndi masiku okakonza nkubweranso. Kumene pepala mumalowetsa nokha m'makina, mukachonga awiri pamalo amodzi makinawo amakuchenjezani ndipo amakupatsani lina, pomwe la papositi limangowerengedwa popanda mpikisano umenewo. Indiana imayamba kutatsala masiku 28, Georgia imapereka masiku osachepera 17 kuphatikizapo Loweruka awiri, Texas pafupifupi masabata awiri. Nthawi zambiri mutha kupita pamalo aliwonse a m'kaunti yanu. Pitani pakati pa sabata, tsiku loyamba ndi lomaliza mizere imatalika.

Si kulikonse kumene iliko. Alabama ndi New Hampshire alibe kuponyeratu kwa aliyense. Ku Pennsylvania chimene anthu amati kuponyeratu ndi voti ya papositi yomweyo yodzazira ku ofesi ya kaunti, maenvelopu awiri aja ndi deti zili pomwepo.

Tsiku lenileni

Malamulo ake sasinthasintha ngati a papositi, koma mulibe mawa lake. Galimoto ikafa kapena abwana akakuwonjezerani shifiti, zatha. Cholakwika chofala ndi kupita pamalo olakwika mutasamuka nyumba. Mudzapatsidwa voti yongoyembekezera, imene amati provisional, malinga ndi lamulo la 2002, koma kupatsidwa si kuwerengedwa. Ku Georgia voti yotere yoponyedwa pamalo osakhala anu isanakwane 5 koloko madzulo siwerengedwa. Ngati nthawi ilipo, funsani malo anu enieni mupite. Mukakhala pamzere nthawi yotseka itakwana, musachoke, muli ndi ufulu wovota.

Munapempha ya papositi koma mwasintha maganizo? Ku Pennsylvania tengani pepalalo pamodzi ndi envelopu yakunja mukapereke, apo ayi muvota ya provisional. Ndipo ngati yanu ya papositi yakanidwa chifukwa chosowa envelopu yamkati, chigamulo cha October 2024 pa mlandu wa ku Butler County chimalola kuti mukaponye ya provisional nkuwerengedwa. Nchifukwa chake wovota papositi azitsatira voti yake pa intaneti, patsamba la chigawo chake, mpaka aone kuti yalandiridwa. Ku Arizona siginecha ikakayikitsa muli ndi masiku asanu chitatha chisankho cha boma lalikulu kuti mukaitsimikizire, ndipo amakufunani pa foni imene munapereka polembetsa.

Kwa amene chisankho chidzawapeza ali ku Malawi kwa nthawi yaitali, njira yake ndi kuvota muli kutali, pansi pa lamulo la 1986 la nzika zokhala kunja. Dzazani fomu ya FPCA, yolembetsera ndi kupemphera pepala lovotera muli kunja, chaka chilichonse, mupemphe pepala libwere pa imelo. Kaunti iyenera kulitumiza kutatsala masiku 45. Likapanda kufika, pali pepala lapadera la FWAB limene mumadzisindikizira nokha. Envelopu mutha kukasiya ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe kuti ipite ndi thumba lawo la makalata, koma thumbalo limatenga masabata, ndiye ichoke kumayambiriro kwa October.