Khakhra ya jeera ya pasitolo ina ku Fordsburg: ndalama zanga zinapita mwachilungamo

Amalawi ambiri amene timakhala ku Mayfair ndi Fordsburg, mumzinda wa Johannesburg, timadutsa tsiku ndi tsiku pa masitolo a amwenye ogulitsa zokometsera ndiwo, koma ndi ochepa amene amaima n'kufunsa kuti timikate topyapyala tozungulira tomwe timasanjidwa pafupi ndi pa kauntala ndi tachiyani. Dzina lake ndi khakhra, chakudya cha anthu a ku Gujarat, kumadzulo kwa dziko la India, ndipo ine ndakhala ndikugula ya mtundu wa jeera, chokometsera chonunkhira chimene amathiramo, pa kasitolo kena kakang'ono ka kufupi ndi Mint Road kwa miyezi inayi tsopano, nthawi yokwanira kuti ndinenepo maganizo anga.

Kuti chakudyachi chizipezeka mosavuta kuno si zodabwitsa. Amalonda ochokera ku Gujarat anayamba kufika ku South Africa m'zaka za m'ma 1870, pambuyo pa amwenye amene anabwera kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Natal kuyambira mu 1860, ndipo pamene boma la tsankho linachotsa amalonda achimwenye ku Fietas, dera loyandikana ndi kuno, ambiri anawasamutsira ku Oriental Plaza, chimsika cha masitolo chomwe chili kuno ku Fordsburg, m'zaka za m'ma 1970. Amene anakulira ku Limbe sangaone chachilendo pa fungo la m'misewu imeneyi.

Khakhra imapangidwa ndi ufa wa tirigu wosachotsa gaga, umene amwenye amati atta, ndipo njira yachidule yofotokozera munthu wakwathu ndi kunena kuti ndi mgaiwa wa tirigu. Mu ufawo amathiramo mchere, mafuta ophikira pang'ono ndi jeera, timbewu tating'ono totalikirapo tonunkhira kwambiri timene m'masitolo a Azungu timalembedwa kuti cumin. Mayi amene amaphika kuseri kwa sitoloyi anandilola kuonerera tsiku lina m'mawa nditawapempha mwaulemu kuti, “Mayi, kodi mungandilole ndione mmene mumapangira?” Iwo anaseka, n'kundilozera pampando. Pa makapu awiri a ufa amaika supuni yaing'ono imodzi ya jeera, imene amayamba aikazinga pang'ono pachiwaya chouma n'kuitikita m'manja kuti fungo lituluke, kenako amakanda ufawo ndi madzi mpaka ulimbe, n'kuuvundikira kwa mphindi pafupifupi 20.

Luso lenileni lili pa zimene zimatsatira. Kampira ka ufa wokandawo amakapyapyalitsa ndi kamtengo mpaka kafanane ndi pepala, kupyapyala kuposa chapati imene timaidziwa, ndipo amakaika pachiwaya chophwatalala chotchedwa tawa, pamoto wochepa kwambiri. Sakazinga m'mafuta ngati mandasi kapena zitumbuwa. Amangotenga kansalu kopindapinda n'kumakanikiza mozungulira, kutembenuza, kukanikizanso, osalola kuti kamkateko kafufume ngakhale pang'ono, chifukwa pamene pafufuma pamasunga nthunzi ndipo pamakhala pofewa. Moto ukachuluka kunja kumapserera m'kati musanaume, choncho ntchito yonseyi ndi yochotsa madzi mu ufa mosathamanga, ndipo mayiwa sanachotse maso pachiwaya ngakhale pamene foni yawo inali kulira.

Zotsatira zake zimamveka m'kamwa. Khakhra ya pasitoloyi imathyoka ndi kaphokoso koyera, ndipo imakukutika ngati nkhoko za nsima zimene tinkalimbirana tili ana, kusiyana kwake n'kwakuti iyi ili ndi kakomedwe ka tirigu wokazinga ndi kafungo kotentha ka jeera kamene kamatsalira munthu atameza. Mawanga ofiirira amene amaoneka apa ndi apo ndiwo amakoma koposa. Ndinaiyerekeza ndi khakhra ya m'mapaketi yochokera ku India imene imagulitsidwa pa shelefu ya sitolo yomweyo, ndipo ngakhale kuti ya m'paketi ndi yozungulira bwino, yofanana yonse komanso yotsika mtengo, jeera wake amamveka wakale, ndiponso imasiya timafuta m'zala. Ya pamanja ndi yokhotakhota m'mbali, koma ndiyo imene ndimabwerera kukagula.

Ine ndimaidya ndi tiyi wamkaka m'mawa ndisananyamuke kukakwera takisi, ndipo ziwiri kapena zitatu zimandifikitsa masana popanda kulemedwa m'mimba monga mmene zimakhalira ndikadya mandasi. Eni ake amapakapo mafuta a mkaka otchedwa ghee kapena kudyera achali, ndipo mnzanga wina wa ku Mangochi amene ndimakhala naye nyumba imodzi anatulukira yekha kuti imagwirizana bwino ndi chiponde. Kwa amene amayenda ulendo wautali wa basi wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, ichi ndi chakudya choyenera kunyamula, popeza sichisasa ndipo chimatha milungu ingapo ngati chasungidwa m'chitini chotseka bwino. Anthu a ku Gujarat eni ake amachidziwa ngati kamba wa paulendo.

Komabe sitoloyi ili ndi zofooka zimene sindingazibise. Amalongedza khakhra m'timapepala ta pulasitiki topyapyala popanda katoni yochinjiriza, moti kawiri konse ndafika kunyumba n'kupeza theka itaphwanyika m'chikwama. Ulendo wina, m'nyengo ya mvula, ndinagula paketi imene inaoneka kuti inatsekedwa isanazizire, ndipo za pakati zinali zofewa ngati chapati yogona. Nditabwerera kukadandaula, mwini sitolo sanakangane nane, anandisinthira, ndipo anandilangiza kuti yofewa ndiziibwezera pachiwaya pamoto wochepa kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, zimene ndinayesa ndipo zinathandizadi. Mchere nawonso sukhala wofanana nthawi zonse, chifukwa sabata zina umapitirira pang'ono.

Pa nkhani ya mtengo, paketi imodzi imadula kuposa buledi, ndipo munthu amene akufuna chokhutitsa banja lonse asayembekeze kuti khakhra ilowa m'malo mwa buledi kapena mbatata. Koma nditaona ndi maso anga kuti kalikonse kamapyapyalitsidwa ndi kukanikizidwa pakokha, sindinaonenso chifukwa chonenerera. Amagulitsanso ya methi, ya masamba owawirako pang'ono, ndi ya masala imene ili ndi tsabola, koma woyamba kumene ndimulangiza ayambe ndi ya jeera, apite m'mawa pamene yangochoka pachiwaya, ndipo atenge kabokosi kake kolimba kuchokera kunyumba.