Ndege ya hayala pa Bangula inatichedwetsa ola lathunthu, koma ndidzaikweranso

Ndimagwira ntchito za umoyo kuno ku Nsanje, ndipo ndege yaing'ono ndaikwerapo katatu kokha, konseko ya kampani imodzi imene ofesi yathu imachita hayala msewu ukaduka. Ulendo umene sindiuiwala ndi wa pambuyo pa namondwe wa Freddy mu 2023, kuchokera pa Bangula kupita ku Chileka.

Ndegeyo ndi Cessna 206, ya injini imodzi, mipando isanu ndi umodzi. Inali itagona pabwalo masiku awiri, mvula ikuivumbwa. Tinafika 7 koloko m'mawa tili atatu, titanyamula bokosi lozizira la magazi okapimitsa ku Blantyre. Ine mtima unali pa ayezi wa m'bokosimo, chifukwa dzuwa la kuchigwa kuno silidikira munthu.

Woyendetsa, mnyamata wofatsa, sanapupulume. Anatulutsa kakapu koonekera mkati, nakabaya kunsi kwa phiko, mafuta n'kutsikiramo. Anakayang'anitsitsa padzuwa, kenako anandikodola.

“Mayi, tabwerani muone.”

Pamwamba panali mafuta abuluu, pansi timadontho toyera tikugudubuzika ngati mikanda. Anali madzi. Anandifotokozera kuti madzi amalemera kuposa mafuta, ndiye amakhazikika pansi pa thanki, pomwe injini imayamwira. Ikawameza pamene ndege yangodzuka kumene, imatsokomola n'kuzima, ndipo pansi pako pali dambo la Elephant Marsh ndi ng'ona zake. Anakhetsa, nagwedeza phiko, nadikira, nakhetsanso. Ndinawerenga kasanu ndi kawiri mpaka kakapu kanatuluka kabuluu kokhakokha. Atakwera pamwamba anapeza labala ya chivindikiro cha thanki ili yong'aluka, naijambula, natumizira makaniko awo pa WhatsApp, ndipo sananyamuke asanayankhidwe.

Apa ndiye pali dandaulo langa lalikulu. Labala siing'aluka tsiku limodzi. Akugalaja anayenera kuiona ndegeyo isanachoke ku Blantyre, osati kusiyira mnyamata mmodzi pabwalo la fumbi. Tonse tikukumbukira za ku Chikangawa pa 10 June 2024, pomwe a Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu anatisiya pa ngozi ya ndege. Ofufuza a ku Germany anapeza kuti kachipangizo kolira ndege ikagwa kanali ndi batire limene linatha ntchito mu 2004. Batirelo silinagwetse ndege, koma zaka 20 palibe amene analisintha. Chiyambire kumva zimenezo, labala ija ndimaiona mwanjira ina.

Woyendetsa wathu uja anasuzumiranso m'kapaipi koyezera liwiro kamene kali kuphiko, poti mavu a kuno amamata dothi pabowo lililonse. Mafuta a injini, matayala, zonse anagwira ndi manja. Kenako sikelo. Thumba langa la mlamba wouma, umene ndinkapititsira achemwali ku Ndirande, linatsala. Zinandiwawa, sindinama. Koma anati kukatentha mpweya umapepuka, ndege yolemedwa imathamanga mtunda wautali isanadzuke, ndipo bwalo silitalika chifukwa choti munthu wadandaula.

Zina zosakoma: foni ya kuofesi kwawo imangoitana osayankhidwa, ndipo palibe amene anatichenjeza za kulemera kwa katundu tisananyamuke kunyumba. Podikira palibe mthunzi, tengani ambulera ndi madzi akumwa. M'ndegemo phokoso ndi logonthetsa.

Tinadzuka 8 koloko itadutsa, abusa a mbuzi atathamangitsa ziweto zawo pabwalo. Shire anali atasefukira mpaka sumadziwa kuti mtsinje ndi uti, munda ndi uti. Tinatera bwino pa Chileka, ayezi asanasungunuke.

Amene mukufuna kuchita hayala, pemphani ulendo wa m'mamawa, funsiranitu makilogalamu ololedwa, ndipo fikani msanga kuti muone ndi maso anu woyendetsa akukhetsa mafuta. Ulendo wotsatira ndinamupempha kuti andionetse chivindikiro chija. Labala inali yatsopano.