Kamba wa ulendo wochokera ku Mzuzu: wophika, wogula panjira kapena wouma?

Aliyense amene anakwerapo basi m'mamawa pa depoti ya Mzuzu kulunjika ku Lilongwe akudziwa kuti mtunda wa makilomita pafupifupi 350 suyendeka m'mimba muli pululu. Njira zopezera kamba zilipo zitatu, ndipo ine ndaziyesa zonse.

Yoyamba ndi kunyamula chakudya chophika, monga mpunga wa Kilombero ndi nkhuku yokazinga m'kontena. Kukoma kwake palibe angatsutse, ndipo ana amakhuta n'kugona osavutitsa. Chovuta ndi nthawi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola awiri, chifukwa tizilombo timaswana msanga pofunda, ndipo mpunga ndi chimodzi mwa zakudya zosachedwa kusasa. Mukadzera msewu wa M1, kuzizira kwa ku Chikangawa kumakuthandizaniko pang'ono, koma mukatsetserekera ku Nkhata Bay n'kutsata M5 m'mbali mwa nyanja nyengo yotentha ya Okutobala, zinthu zimasintha. Ine ndinatsegula kontena yanga titafika pa Dwangwa, ndipo ndinapeza chivundikiro chili madzi okhaokha, mpunga utayamba kunanda ndi kutulutsa kafungo, moti ndinautaya wonse ndili ndi njala. Ngati mwasankha mpunga, udyeni m'maola awiri oyambawo.

Yachiwiri ndi kugula panjira. Basi ikangoima pa Jenda kapena ku Kasungu, ogulitsa amathamangira kumazenera atasenza mabeseni a nthochi, mazira, chimanga chootcha ndi tchipisi, ndipo n'zosangalatsa kuti ndalama yanu ikuthandiza anthu a m'deralo. Komabe pano m'pofunika maso. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma la Nkhata Bay linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Tchipisi chongotuluka kumene pa chiwaya mukuona sichifanana ndi chimene chakhala m'jumbo kuyambira m'mawa, ndipo kabichi wosaphika amene amaika pamwamba ndi bwino kumukana mwaulemu. Zimene ndimagula mtima uli m'malo ndi zipatso zosenda ndekha ndi chimanga chimene chachoka pamoto pomwepo.

Yachitatu, imene ndimaikonda koposa, ndi kamba wouma wokonzera kunyumba monga ankachitira makolo athu: mbatata yootcha ndi makoko ake, mtedza wokazinga, zitumbuwa, ndi mazira owiritsa bwino osasenda. Mbatata, mtedza ndi zitumbuwa zimapirira tsiku lonse, ngakhale ulendo utatalika mpaka ku Blantyre kapena basi itafera pakati pa nkhalango, pamene mazira ndi oyenera kuyamba kudyedwa. Sizifuna sipuni, sizitayikira pa chitenje cha mnzanu wokhala naye mpando, ndipo n'zosavuta kugawana, zimene ndi zofunika chifukwa m'basi simungadye nokha mayi wachikulire ali pambali panu osamuuza kuti, “Tiyeni tidye, amayi.” Mchere ndimaukulunga m'kapepala, ndipo nthochi ndimaziika pamwamba penipeni pa chikwama kuti zisaphwanyike. Chilema cha kamba ameneyu n'chakuti amaumitsa kukhosi, makamaka mbatata ndi mtedza, choncho botolo la madzi ochokera kunyumba lisasowe, ngakhale kuti kumwa kwake kukhale kwa pang'onopang'ono poti basi siima paliponse.

Za thobwa ndichenjeze padera. Likatenthedwa limapitiriza kuwira m'botolo, ndipo mukalitsegula mothamanga limatumphukira aliyense amene ali pafupi. Linyamuleni m'botolo losadzaza, ndipo potsegula muzimasula chitsekerero pang'ono kuti mpweya uyambe watuluka. M'chikwama chanu muikemonso kasopo ndi kabotolo kena ka madzi osamba m'manja, chifukwa manja amene agwira ndalama ndi zitsulo za m'basi ndi omwewo amene akasende dzira.