Kuyezetsa sickle cell ukwati usanachitike: mmene ndinayionera labu ina ya ku Rhodes Park

Labu imeneyi si ya boma, ili cha ku Rhodes Park mu Lusaka, ndipo ndikuiyamikira ngakhale kuti pali zina zimene zinandinyansa. Ine ndine nkhoswe ya mwana wa mlongo wanga amene akukwatiwa chaka chino. Zaka zapitazo anamuyeza sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo, pa kiliniki ina, papepala n'kulembapo kuti "positive", basi osamufotokozera kanthu. Mawu amodziwo anafika m'makutu mwa akuchimuna, ndipo nkhani ya malowolo inayamba kuzizira. Apongozi ena anafika ponena kuti mtsikanayo ndi wodwala, sadzabereka ana amoyo. Ndiye ndinawatenga onse awiri, iye ndi mnyamatayo, kuchokera ku Chilenje kupita kukayezetsa.

Polandirira alendo pomwepo muyenera kuchenjera. Pali njira ziwiri zoyezera ndipo mitengo yake ndi yosiyana kwambiri. Yotchipayo, imene amati sickling test, imangoonetsa kuti m'magazi muli hemoglobin S, chinthu chimene chimayambitsa matendawa, koma siisiyanitsa munthu wodwala ndi munthu wongonyamula. Imeneyo ndiyo inatisokonezera banja. Yodulayo, Hb electrophoresis, ndi imene imanena ngati munthu ali AA (alibe S), AS (wongonyamula) kapena SS (wodwala). Mtsikana wa pakauntala anafuna kutilembera yotchipayo, mwina poona jekete yanga, mpaka ndinachita kutchula dzina la yodulayo kawiri. Kusala chakudya sikufunika. Anangotenga magazi pang'ono pamkono, atafunsa kaye ngati wina anaikidwapo magazi m'miyezi itatu yapitayi, popeza magazi a munthu wina amasokoneza zotsatira.

Chimene ndalama yanga inagula kwenikweni ndi nthawi imene tinakhala ndi asisita opereka uphungu, mayi wachikulire wolankhula Chinyanja cha kwathu kum'mawa. Sanathamange. Anayamba ndi kundifunsa kuti, "Amalume, gulu la magazi anu mumalidziwa?" Nditayankha kuti O, anaseka n'kunena kuti anthu ambiri amaganiza kuti akadziwa zimenezo ndiye kuti adziwa zonse, pomwe gulu la magazi ndi nkhani ina, sickle cell ndi nkhani inanso.

Anatifotokozera kuti m'selo la munthu muli makromozomu 46, okhala awiriawiri m'magulu 23, theka lochokera kwa mayi, theka kwa bambo. Makromozomuwa amasunga majini, malangizo a thupi amene munthu amatengera kwa makolo. Jini yopanga mbali ina ya hemoglobin, chinthu chonyamula mpweya wabwino m'magazi, ili pa kromozomu 11, ndipo aliyense ali nazo ziwiri. Mu DNA, mmene majini analembedwa, imene ili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni, chilembo chimodzi chokha cha jini imeneyi chinasintha, pamalo pa A pakhala T. Kusintha kochepa chomwechi kumachititsa kuti hemoglobin izimatirirana mpweya ukachepa, maselo ofiira n'kupindika ngati chikwakwa, n'kumatseka timitsempha. Selo lofiira labwinobwino limakhala masiku pafupifupi 120, lopindikalo limafa pa masiku 10 mpaka 20. Ndiye magwero a kuchepa kwa magazi, maso achikasu, ndi ululu wa m'mafupa umene umagoneka ana ku chipatala chachikulu cha UTH, makamaka kukazizira mu June ndi July.

Kenako anatulutsa nyemba m'kabati, zoyera ndi zofiira, n'kupatsa mtsikana yoyera ndi yofiira, mnyamatanso chimodzimodzi. Yoyera ndi A, jini yabwinobwino, yofiira ndi S, jini yosintha ija. Aliyense afumbate, atseke maso, aponye imodzi patebulo. Anaponya kangapo. Nthawi zina zoyera ziwiri, nthawi zambiri yoyera ndi yofiira, nthawi zina zofiira ziwiri. Makolo onse akakhala AS, pa mimba iliyonse mwayi woti mwana akhale SS ndi 25 pa 100, woti akhale AS ndi 50 pa 100, woti akhale AA ndi 25 pa 100. Mnyamata uja, poti ndi wa masamu a ku banki, anafulumira kunena kuti ndiye mwa ana anayi mmodzi yekha ndiye angadwale. Asisita anamubwezera nyemba zija n'kuti, "Ponyaninso, bambo. Nyemba sizikumbukira zimene munaponya poyamba." Banja lina limabereka ana anayi onse abwinobwino, lina ana atatu otsatizana onse SS.

Apa ine ndinakhala chete ndithu. Kwathu ku Katete, achimwene anga anataya ana awiri aang'ono amene ankatupa manja ndi mapazi, kulira usiku wonse. Mlandu wonse tinausenzetsa alamu athu, ena mpaka kutchula ufiti wa kwawo. Pomwe mwana sangakhale SS popanda S yochokera kwa bambo. Asisita anawonjezera kuti khanda limaoneka lathanzi m'miyezi yoyambirira chifukwa limakhala likadali ndi hemoglobin imene linali nayo lisanabadwe, ndipo zizindikiro zimayamba ikamatha, cha pa miyezi isanu ndi umodzi, nthawi imene kumudzi anthu amayamba kufunsana kuti walodza mwana ndani.

Ndinafunsa kuti nanga jini yovutitsa chonchi bwanji yachuluka kuno kwathu osati ku Ulaya. Yankho ndi malungo. Munthu wa AS amatetezeka ndithu ku malungo aakulu, zimene Anthony Allison anaonetsa mu 1954 atafufuza kum'mawa kwa Africa. Kumadera a udzudzu ana a AS ankapulumuka ochuluka, n'kukula, n'kupatsira jiniyo ana awo. Koma anatichenjeza kuti AS amadwalabe malungo, neti asaitaye.

Chimene ndinawalemekezera kwambiri n'chakuti sanatiuze zochita. Ndinawapanikiza kuti onse akapezeka AS, ukwati uthe kodi? Anati zimenezo n'za awiriwo, iwo ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti akusankha akudziwa. Anatchulanso kuti mwana wa SS akadziwika msanga n'kuyamba kulandira penicillin, folic acid, katemera ndi hydroxyurea, amakula, kuphunzira ndi kugwira ntchito.

Zodandaula zilipo. Zotsatira anati zituluka pakapita masiku ochepa, koma zinachedwa kupitirira sabata, ndipo foni yawo imangolira. Pepala la zotsatira ndi manambala ndi zilembo za Chingerezi zokhazokha, moti munthu wolitenga tsiku limene asisita aja kulibe abwerera kunyumba ali mumdima womwe uja, pakuti uphungu sapereka tsiku lililonse. Kapepala kofotokoza m'Chinyanja kapena m'Chibemba palibe ngakhale kamodzi, mu Lusaka muno! Choipitsitsa, potenga zotsatira mtsikana wa pakauntala anaitana dzina mokweza n'kuwonjezera kuti "aja a sickle cell", benchi yonse ikumva. Nkhani ya magazi a munthu si yolengeza ngati kondakitala woitanira basi ku Kulima Tower, ndipo ndinawauza akuluakulu ake zimenezi.

Mwana wa mlongo wanga anapezeka AS, mnyamata AA. Kutanthauza kuti mtsikanayo si wodwala, ndipo pa awiriwa sipangabadwe mwana wa SS. Mwana aliyense ali ndi mwayi wa theka wokhala AS ngati mayi ake, choncho nawonso adzafunika kuyezetsa akadzakula. Asisita anavomera kuti tibwere ndi apongozi aakazi kuti adzamve okha, ndipo sanatilipiritsenso. Malowolo tinakambirana Loweruka lotsatira.

Mukafuna kupita, imbani kaye mufunse tsiku limene opereka uphungu amakhalapo, pitani nonse awiri, nenani momveka kuti mukufuna electrophoresis, ndipo pemphani kuti zotsatira akupatseni mu envulopu yomata, m'chipinda. Amene thumba silikulola, kafunseni ku UTH, kumene kuli kiliniki ya sickle cell.