Mbale ya achimwene

Kwa inu abale anga a ku Thyolo, makamaka a kwathu kumunsi kwa Makwasa.

Ambiri munamva kuti mwana wanga anadwala kuno ku Cape Town, koma nkhaniyi inafika kumudzi itapotoka. Ena akuti mwanayo anapenga, ena akuti ndinakhwimira ndalama za ku Joni. Ndati ndilembe ndekha, poti ndi ine ndinali naye.

Ndinabwera kuno mu 2017 kudzagwira ntchito ya m'nyumba ku Hout Bay. Mwana wanga wamkazi anatsala ndi agogo ake mpaka 2021 pamene ndinakamutenga. Tikukhala ku Imizamo Yethu, m'kanyumba ka malata, pakati pa Amalawi anzathu ndi Axhosa. Usiku wina mu Julaye 2023, kukugwa mvula yozizira ya kuno, mwanayo anali pamphasa kulemba ntchito ya kusukulu. Anali ndi zaka 9. Anangoti, "Amama, taonani dzanja langa." Dzanja lamanzere linkagwedezeka lokha. Kenako mutu unapotokera kumanzere komweko, thupi linauma gwa, n'kuyamba kuphiriphitha, thovu lili tuu kukamwa.

Ine mayi wake ndinabwerera m'mbuyo. Ndikulemba izi misozi ili m'maso, koma ndi zimene zinachitika. Miyendo yanga inathawa yokha mpaka pakhomo, chifukwa ndi zimene ndinaphunzitsidwa ndili mwana. Amene anamugwira ndi mayi wa Chixhosa woyandikana nafe, yemwe anamva kukuwa kwanga. Anakankhira kutali chitofu cha parafini, n'kumugoneka chammbali, n'kumutsamiritsa juzi lake. Iwo amati isifo sokuwa, ndiye kuti matenda akugwa, monga timanenera kwathu.

Amene munakulira mudzi umodzi ndi ine mukudziwa chifukwa chake ndinathawa. Achimwene anga, oyamba kubadwa m'nyumba mwathu, anadwala malungo aakulu ali ndi zaka 4, anagona masiku atatu osadziwa kanthu. Anachira, tinathokoza Mulungu, koma patatha chaka anayamba kugwa khunyu. Kuyambira pamenepo anali ndi mbale yawoyawo, yachitsulo, ya maluwa ofiira, ndi kapu yawoyawo. Ankadya pakhonde, ife tikudyera limodzi m'nyumba. Tinkauzidwa kuti akagwa tisayandikire, thovu lawo likatikhudza kapena akaipitsa mpweya ife n'kupuma, tatenga. Sukulu anasiyira Sitandade 3 chifukwa anzawo ankathawa benchi. Tsiku lina anagwera pamoto mayi ali kudimba. Tinalipo ana anayi ndi akuluakulu awiri, ndipo palibe anawakoka mpaka atsibweni anabwera ndi mtengo. Mkono unapsa kuyambira pachigongono mpaka zala kumatana. Anthu anati basi, wakhunyu akapsa sachiranso, ndiye ngakhale timapiritsi toyera ta phenobarbitone timene ankalandira kuchipatala chaching'ono cha kwathu tinaleka kukatenga. Anamwalira ali ndi zaka 22. Anapita okha kukasamba kumtsinje, anawapeza atagwa chafufumimba m'madzi osafika n'komwe m'mawondo.

Ndiye mwana wanga atatsitsimuka usiku umenewo, ali wofooka, osakumbuka kalikonse, ine ndinkangoona mbale ya maluwa ija.

M'mawa ndinaimbira foni kumudzi. Mayi anati ndibwere naye msanga, kuli munthu wodziwa mitengo cha ku Thekerani. A kuchimuna anati matendawa ndi a kumtundu kwathu. Koma mayi wa Chixhosa uja sanandipatse mpata, anandiperekeza kuchipatala cha m'dera. Sindinganame kuti zonse zinali zosalala. Pawindo lina, pamalo pamene sinditchula, ndinaimitsidwa nthawi yaitali kufunsidwa za mapepala mwana ali wofooka m'manja mwanga, ndipo mawu amene ndinauzidwa okhudza ife alendo sindingawabwereze. Koma kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu tinailandira.

Chipatalacho ndi Red Cross War Memorial Children's Hospital, ku Rondebosch, chimene chinatsegulidwa mu 1956 ndipo ndi cha ana okhaokha. Kumeneko ndi kumene ndinadziwira kuti pali madokotala amene ntchito yawo ndi ubongo ndi mitsempha basi, ndipo ena mwa iwo ndi a ubongo wa ana okha. Dokotala amene anationa sanathamangire makina. Anakhala nafe pafupifupi ola lathunthu akufunsa. Chinayamba ndi chiyani, dzanja kapena mwendo? Mbali iti? Maso anayang'ana kuti? Zinatenga mphindi zingati? Anabadwa bwanji, analira msanga? Anadwalapo malungo okomoka nawo? Anagwapo mumtengo? Anakulira kuti, ndipo kumeneko kuli nkhumba? Nditanena za dzanja lamanzere, anati ndiye tikayang'ane mbali ya kumanja ya ubongo, chifukwa mitsempha imapingasana: ubongo wa kumanja umalamula thupi la kumanzere.

Anamulowetsa m'makina ojambula m'mutu otchedwa CT, amene sachedwa. Tsiku lina anamuyeza ndi EEG: anamumata timawaya pafupifupi 20 m'mutu, n'kumuuza kuti azipuma mwamphamvu, kenako kumuwalitsira getsi lothwanima, makina akulemba mizere ya mphamvu ya mu ubongo. Sizipweteka, mwanayo ankangoseka kuti tsitsi lake ladzaza phala. Pomaliza anamujambula ndi MRI, makina aphokoso ngati chigayo, amene amaonetsa bwino kuposa CT.

Kenako dokotala anatembenuza kompyuta kuti ndione ndekha. Pa ubongo wa mwana wanga, mbali ya kumanja monga ananenera, panali kanthu kozungulira kochepa ngati nsawawa, kotupa m'mbali mwake. Anati ndi kachotupa ka mphutsi ya njoka ya m'mimba yochokera ku nkhumba. Dzina lake la kuchipatala ndi neurocysticercosis.

Ndinatsutsa pomwepo. Ndinati adokotala, ife ndife a Sabata, tinakulira pafupi ndi mishoni ya Malamulo, nkhumba sinaloweko m'kamwa mwa mwana ameneyu chibadwire. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse bwino, chifukwa inenso anachita kundijambulira papepala. Munthu akadya nyama ya nkhumba yosapsa bwino yokhala ndi timatuza toyera tija tooneka ngati mpunga, m'mimba mwake mumamera njoka yaphwatalala ngati lamba, yotha kupitirira mamita awiri. Iyeyo mwina samva kalikonse. Koma njokayo imataya mazira ambirimbiri osaoneka ndi maso, amene amatuluka akapita kukadzithandiza. Akadzithandiza kutchire kapena m'munda wa tiyi, nkhumba yoyenda yokha imadya, n'kukhala ndi timatuza tija. Koma mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu, kudzera m'manja osasamba, m'madzi a pachitsime, m'masamba osatsuka kapena mango otola pansi, amaswa m'mimba, timphutsi n'kuyenda ndi magazi mpaka kukakhazikika m'minofu, m'maso kapena mu ubongo. Timatha kukhala phee zaka zingapo. Tikayamba kufa ndi pamene ubongo umatupa pamalopo, munthu n'kuyamba kugwa. Ndiye wa Sabata angadwale, Msilamu angadwale, wosadya nyama iliyonse angadwale. Chimene chimalowetsa mphutsi m'mutu si chiwaya cha nkhumba, ndi chimbudzi cha munthu. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati m'madera amene njokayi ndi yofala, pafupifupi odwala khunyu atatu mwa khumi aliwonse amadwala chifukwa cha iyo.

Ndinafunsanso za achimwene. Dokotala anati sangaweruze za munthu amene sanamuone, koma malungo a mu ubongo amadziwika kuti amasiya chipsera chimene chimayambitsa khunyu pambuyo pake. Ndipo anandidabwitsa pondiuza kuti zambiri zimene madokotala a dziko lonse amadziwa pa malungo amenewa zinapezeka kwathu komweko, ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Makina a MRI anafika pa Queen Elizabeth mu 2008 chifukwa cha kafukufuku wa Dr Terrie Taylor ndi anzake, ndipo mu 2015 anasonyeza kuti chimene chimapha ana ambiri a malungo a mu ubongo ndi kutupa kwa ubongowo mpaka kupanikiza malo olamula kupuma. Kafukufuku wina wa ku Blantyre komweko anapeza kuti mwa ana opulumuka malungowa, pafupifupi mmodzi mwa khumi amadzayamba kugwa khunyu. Ndinakhala chete. Achimwene anga komanso mwana wanga, matenda ooneka ofanana, koma gwero losiyana, ndipo palibe mwa awiriwa anatengera kwa mnzake. Khunyu silipatsirana. Thovu lija ndi malovu wamba.

Mankhwala anali amitundu itatu. Carbamazepine woletsa kugwa, m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse. Albendazole wopha mphutsi, kwa masabata awiri. Ndi prednisone wochepetsa kutupa, amene anayamba kumwa albendazole asanayambe, chifukwa mphutsi ikamafa ubongo umatupa kwambiri. Anayambanso amuyeza m'maso kuti aone ngati mulibe ina. Ndikunena izi dala, kuti wina asathamangire kukagula albendazole pagolosale n'kumwetsa wodwala khunyu. Popanda dokotala mukhoza kumuwonjezera vuto.

Patatha miyezi 6 anamujambulanso. Kachotupa kaja kanali katafota, kangotsala kadontho. Mankhwala oletsa kugwa akumwabe, ndipo akuti nthawi ikakwana adzachepetsa pang'onopang'ono, osati kusiya tsiku limodzi. Izi ndinaziphunzira mowawa. Nthawi ina mapiritsi anatha Lachinayi, ine ntchito inandipanikiza, ndinati ndikatenga Lolemba poti mwana akuoneka bwino. Lamlungu m'mawa anagwa. Koma ulendo umenewu sindinathawe. Ndinamugoneka chammbali, ndinamasula kolala, mutu wake uli pantchafu panga, maso anga ali pa wotchi ya pafoni. Mphindi ziwiri, zinatha. Sindinamuike supuni m'kamwa monga timachitira kwathu, chifukwa lilime silimezeka, supuniyo imangothyola mano. Sindinamupanikize manja, sindinamuthire madzi, sindinamumwetse kanthu mpaka atadzuka bwinobwino. Anandiuza kuti zikapitirira mphindi 5, kapena akagwa kawiri motsatizana osatsitsimuka pakati, pamenepo ndi pothamangira kuchipatala osadikira kuti kuche.

Ndikudziwa ena mukuti, iwe ukulankhula chifukwa uli kumene kuli makina. N'zoona, ndipo zimandipweteka kuti munthu wa ku Thekerani kapena ku Muloza ayenera kugulitsa mbuzi kuti akafike pamene pali sikani. Kunonso sizinali zaulere kwa ine: masiku amene ndinajomba kuntchito sanandilipire, ndipo ndinkadzuka 4 koloko kukakwera mateksi awiri. Koma kwathu si kopanda kanthu monga timaganizira. Njira ilipo: kuchipatala chaching'ono, kenako cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje, kapena cha mishoni ku Malamulo ndi ku Mulanje Mission, ndipo iwo akaona kuti n'zofunika amalemba kalata ya ku Gulupu. Kumeneko kuli madokotala ochita opaleshoni ya ubongo, monga Dr Patrick Kamalo amene wathandiza ana ambiri odzaza madzi m'mutu. Ku Lilongwe nakonso anamanga chipatala cha LION pambali pa Kamuzu Central, cha mafupa ndi opaleshoni ya ubongo.

Komanso odwala khunyu ambiri safuna opaleshoni, ndipo kuti dokotala ayambe mankhwala sadikira makina. Chimene dokotala wathu anadalira kwambiri ndi zimene ine ndinaona ndi maso. Anandiuza kuti ndizijambula vidiyo pafoni mwana akagwa, ndi kulemba m'kope tsiku, nthawi ndi mmene zayambira. Foni yojambula ilipo pafupifupi mudzi uliwonse tsopano. Tengani vidiyoyo pamodzi ndi buku la kuchipatala, ndipo apite ndi wodwalayo ndi munthu amene anaona, osati amene anangomva. A WHO omwewo amati odwala okwana 7 mwa 10 akhoza kusiyiratu kugwa atalandira mankhwala oyenera ndi kumamwa mosadumphitsa. Phenobarbitone yemwe uja tinawasiyitsa achimwene ndi mmodzi mwa mankhwala amenewo. Amagonetsa tulo, inde, ndipo ana ena amawasautsa, koma zikatero muzikauza achipatala asinthe mlingo kapena mtundu, osangosiya. Atsikana ndi amayi, muziwauza achipatala ngati muli pa njira yolera, ngati mukufuna kutenga pakati, kapena ngati mukumwa ma ARV, chifukwa ena mwa mankhwalawa amalimbana, ndipo wina wotchedwa valproate akhoza kuvulaza mwana m'mimba.

Za nkhumba sindikunena kuti anansi athu asiye kuweta, ndi pamene pamachokera fizi ya ana awo. Koma zikhale m'khola, nyama ya timatuza isagulitsidwe, ndipo yabwinoyo izipsa mpaka mkati. Ndalama zimene ndinatumiza mwezi watha, atsibweni, si za malata a khitchini monga tinagwirizana poyamba. Ndikupempha muyambe mwakumba chimbudzi china m'malo mwa chija chinagwa ndi mvula ya Freddy, chokhala ndi chivindikiro, ndipo pakhomo pake muikepo mpondagiya ndi sopo kapena phulusa. Ana azigona m'neti, ndipo mwana akatentha thupi apite kukayezetsa tsiku lomwelo.

Pali mnyamata wina m'mudzi mwathu amene amagwa, nonse mukumudziwa, sindimutchula. Ndamva kuti anamuletsa sukulu ndipo amadyera kuseri kwa nyumba. Ndalankhula ndi mayi ake pafoni, ndipo ndalama ya minibasi ya ulendo woyamba ndatumiza kale. Chotsala ndi munthu wowaperekeza amene anamuonapo akugwa. Kumtsinje asamapite yekha, pamoto asamakhale yekha, mumtengo asakwere. Zina zonse achite ndi anzake.

Mwana wanga tsopano ali Giredi 6, amasewera netibolo, aphunzitsi ake akudziwa chochita akagwa. Mu Disembala tikubwera. Mayi, ndikudziwa mbale ya maluwa ija mukuisungabe pamwamba pa kabati, yokha, mutaivundikira. Muitsitse, muitsuke, muiike pamodzi ndi zinzake. Tsiku limene tidzafike mudzapakuliremo ndiwo, kaya ndi nandolo kaya ndi kalongonda, ndipo tidzapisamo tonse, inu, ine ndi mdzukulu wanu.