Ufa wa wokimani ku Zomba: umathandiza, koma muziyamba mwaununkhiza

Pamsika waukulu wa Zomba, ku Chinamwali ndi ku Chikanda, ufa umagulitsidwanso m'timajumbo tating'ono totchedwa wokimani. Dzinali linachokera ku Walkman, kawailesi ka makaseti ka Sony, poti kajumboko umangokanyamula m'manja n'kumapita. Kamodzi kamakwana nsima ya munthu mmodzi kapena awiri, n'chifukwa chake ophunzira a payunivesite ochita lendi ku Chikanda amakadalira kwambiri.

Wovuta ndi mgaiwa. Umakhala ndi mafuta a mtima wa chimanga, ndiye ukamangidwa usanaume bwino, makamaka nthawi ya dzinja pamene chinyezi chimachuluka kuno kumunsi kwa phiri, umayamba fungo la chuku ndipo nsima yake imawawa. Musanalipire, apempheni amayi ogulitsawo amasule kajumbo. Tsinani pang'ono: wouma umayoyoka pa zala, wachinyezi umagwirana timibulu. Yang'ananinso ngati muli anankafumbwe. Ufa woyera umasungika nthawi yotalikirapo.

Kumbali ya mtengo, wokimani amadula mukawerengera pa kilogalamu. Banja lalikulu ndi bwino ligule chimanga pa ndowa n'kukagayitsa kuchigayo. Amene amakupimirani pomwepo ndi kambale amakonda kuthira banyira, choncho ndi abwino kuposa ogulitsa womangiratu.