Kuloweza pa bolodi kapena timitengo ndi magulu a Catch Up

Anzanga aziphunzitsi, funso la mmene tingaphunzitsire masamu limabwera nthawi zonse tikakumana, ndiye ndati ndilembe zomwe ndaona ndi maso anga mu giredi 4 kuno ku Lusaka. Kalasi langa lili ndi ana opitilira 80, chiyambire maphunziro aulere mu January 2022 ana anachuluka zedi, ena amakhala pansi. Njira ziwirizi ndaziyesa zonse mkalasi lomweli.

Yoyamba ndi ija tinakulira tonse, aphunzitsi pa bolodi ndi choko, ana kuyimba matebulo a kuchulukitsa onse pamodzi mpaka mawindo kunjenjemera, kenako kukopera mu buku. Sindingainyoze. Siifuna ndalama, choko basi, ndipo ana ngakhale akhale 100 onse amamva. Komanso mayeso a giredi 7 a bungwe la mayeso la ECZ ndi osankha yankho, nthawi ndi yochepa, mwana amene 7 x 8 ali nayo mmutu amathamanga pomwe mnzake akujambulabe timizere kuseri kwa pepala.

Koma mkuyimba muja mumabisala ana ambiri. Pakamwa pakuyenda koma mmutu mulibe kanthu. Lembani 52 kuchotsa 27 pa bolodi muone. Ambiri akulemberani 35, chifukwa aona kuti 2 kuchotsa 7 sizitheka ndiye atembenuza, 7 kuchotsa 2. Ife timakuwa kuti bwereka kwa 5, bwereka! Mwana sadziwa chomwe akubwereka, kwa iye 5 ndi 5 basi, sadziwa kuti ndi makumi asanu. Chomwe chimandiwawa nchakuti mwana yemweyo akaweruka amakhala pa kantemba ka amayi ake ku Kanyama kapena ku Chawama, munthu akagula za K27 nkupereka K50 chenji abweza K23 osaphonya ngakhale ngwee. Nzeru za masamu ali nazo, ndife amene tikulephera kuzifikitsa pa pepala.

Yachiwiri ndi ya Catch Up. Inachokera ku India ku bungwe la Pratham, kuno unduna wa maphunziro unayamba kuiyesa mu 2016 mmasukulu 80 a ku Eastern ndi ku Southern, ndipo ndi ya ana a giredi 3 mpaka 5. Mumayamba ndi kuyesa mwana mmodzi mmodzi, kodi manambala amawazindikira, kuphatikiza amatha, nanga kuchotsa, kuchulukitsa, kugawa. Mukatero mumawaika mmagulu potengera pomwe afika osati giredi yawo, kwa ola limodzi pa tsiku. Zida zake ndi timitengo, khumi mumamanga ndi mphira kukhala mtolo umodzi.

Manje bwererani ku 52 ija. Mwana ali ndi mitolo isanu ndi timitengo tiwiri pansi. Mwamuuza achotse 27. Ayang'ana tiwiri tija, sitikwana, akhala kaye chete, inu musamuuze kanthu, mwina mnzake amugunyuza, kenako amasula mtolo umodzi yekha ndipo timitengo takhala 12. Achotsa 7 patsala 5, pa mitolo inayi achotsa iwiri, 25. Kubwereka kuja wakugwira ndi manja. Kamtsikana kena kamene sikanayankhepo funso chaka chonse katangomasula mtolo kanandiyang'ana nkuti, aphunzitsi, kodi nde kubwerekako kumeneku? Ndinapita kunyumba tsiku limenelo mtima uli mmalo.

Koma musanamizidwe, ntchito yake ndi yolemetsa. Kuyesa ana 80 mmodzi mmodzi kumadya masiku. Sukulu zathu zambiri zili ndi ammawa ndi amasana, ndiye ola lija mulipeza kuti, chipinda chilibe nthawi yopuma, ife timakhala panja pansi pa mtengo ndipo mvula ikayamba mu November zimavuta. Timitengo timasowa tsiku lililonse, mphira anyamata amatenga kukapangira malegeni. Makolo enanso amabwera okwiya kuti mwana wanga wa giredi 5 akhala bwanji ndi a giredi 3 kuwerenga timitengo ngati wa mkaka, ndipo pamafunika kukhala nawo pansi bwinobwino, kuwaonetsa buku la mwanayo la mwezi watha ndi la lero.

Za mafoni ndi matabuleti sinditaya nazo nthawi. Ndi zabwino kwa amene ali nazo, koma tonse tikukumbuka mmene magetsi anavutira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Timitengo sitifuna kutchaja.

Pali nkhani ya chilankhulo. Kuyambira 2014 giredi 1 mpaka 4 tinkaphunzitsa mChinyanja kuno, manje silabasi yatsopano yomwe inayamba ndi giredi 1 mu 2025 yabweretsa Chingelezi kuyambira pansi. Apa njira yoloweza ndikuiopa kwambiri, mwana azidzayimba mau omwe sakuwamva komanso masamu omwe sakuwamva, mavuto awiri pa kamutu kamodzi. Mtolo ali nawo mmanja ngakhale liwu la Chingelezi limuthawe amaona chomwe chikuchitika.

Ine ndiye ndimayamba ndi timitengo ndi magulu, matebulo amabwera pambuyo. Mwana akayala yekha zitsekero za mabotolo mizere 7 ya 8 nkuwerenga 56, pamenepo ndimati tiyeni tiyimbe, mphindi zisanu mmawa uliwonse, mokweza. Amene muli ndi ana ambiri ngati ine yambani ndi funso lija la 52 kuchotsa 27 Lolemba, muwerenge amene alembe 35, amenewo ndi gulu lanu loyamba.